Batire lomwe linafera kunsi kwa bedi la amayi

Kwathu ndi kumunsi kwa boma la Dedza, kuchigwa kumene dzuwa la mu Okutobala limaotcha mpaka nkhuku kumayenda kukamwa kuli yasa. Ndikamapita kukaona amayi ndimatsika ndi msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere n'kufikira pa Golomoti, dera limene kuyambira mu 2022 kuli munda waukulu wa mapanelo a sola otulutsa magetsi okwana mamegawati 20. Magetsi amenewo amalowa m'mawaya a ESCOM n'kupita kutali, pamene mudzi wathu, womwe suli patali kwenikweni ndi malowo, ulibe ngakhale polo imodzi. Sindikudandaula ayi, chifukwa munda wotere amaumangira dziko lonse, osati midzi yoyandikana nawo yokha. Ndatchula zimenezi kuti mudziwe kuti nkhani ya magetsi a dzuwa ndaionera mbali ziwiri, ya mapanelo masauzande ambiri otchingidwa ndi mpanda wa waya, ndi ya panelo imodzi yomangirira pa denga la malata. Chimene chandidabwitsa n'chakuti mbali ziwirizi zimadwala matenda amodzimodzi.

M'chilimwe cha 2021 ndinatopa kumva kuti amayi amadyera nsima pa kuwala kwa tochi, ndiponso kuti foni yawo imakhala yozima masiku awiri podikira mwana woti akaitchajitse kumsika. Sanali okha pa vutoli. Kalembera wa anthu wa mu 2018 anapeza kuti nyumba pafupifupi 11 zokha mwa nyumba 100 zilizonse ndi zimene zinkaunikira magetsi a m'mawaya, pomwe zoposa theka zinkadalira tochi za mabatire. Ndinalowa m'sitolo ina m'tauni n'kugula panelo yolembedwa kuti ndi ya mawati 150, batire, kabokosi kolamulira kalowedwe ndi katulukidwe ka moto m'batire, mababu anayi ndi mawaya. Wogulitsayo sanandifunse kuti ndikufuna kuyatsa chiyani komanso kwa maola angati, ndipo inenso sindinadziwe kuti funso limenelo n'lofunika. Mnyamata wina wapamudzi amene anthu ankati amadziwa zamagetsi ndiye analumikiza zonse, ndipo usiku woyamba amayi anandiimbira foni n'kunena kuti, "Mwana wanga, kuno tsopano ndi kutauni."

Patadutsa chaka ndi miyezi iwiri, mababu anayamba kuzima nthawi ya chakudya chamadzulo isanathe. Kenako ankayaka ola limodzi lokha, mapeto ake anasiyiratu. Amayi anakhala miyezi ingapo osandiuza, poopa kuoneka ngati osayamika, ndipo nditafika kumudzi ndinapeza tochi yabwerera pamalo pake, batire alikankhira kunsi kwa bedi. Atandiona ndikusuzumira kumeneko anangoti, "Zinthu zako zija zinatopa."

Ulendo uno ndinafunafuna mmisiri amene anaphunziradi ntchitoyi, ndipo ndinamupeza ku Lilongwe, zomwe zinatanthauza kumulipirira ulendo wopita ndi wobwerera kuwonjezera pa malipiro ake. Zimene anapeza zinandichititsa manyazi. Choyamba anayeza kutalika ndi kufupika kwa panelo ija n'kuseka. Anandifotokozera kuti masana dzuwa lili paliwombo, malo okwana mita imodzi mulitali ndi mulifupi amalandira mphamvu pafupifupi mawati 1,000, ndipo mapanelo abwino a masiku ano amatha kugwirapo gawo limodzi mwa magawo asanu. Choncho panelo yosafika ndi theka lomwe la malo amenewo singatulutse mawati 150, kaya papepala la kumbuyo kwake alembapo zotani. Yathu ija inali chikomekome cha mkuyu. Kuwonjezera apo mnyamata wapamudzi uja anaimangirira moyang'ana kumwera, pomwe ife amene tili kumwera kwa dziko lapansi timayenera kuipendeketsa moyang'ana kumpoto, ndipo fumbi ndi zitosi za mbalame zinali zitakuta galasi lonse chifukwa palibe amene anauzidwa kuti limafunika kupukuta.

Koma chimene chinapha batire chinali china. Kabokosi kaja kanapangidwa kuti kazidula moto batire likatsika kufika pa mlingo wina, chifukwa batire la mtovu ndi asidi likamakhuthulidwa tsiku ndi tsiku kupitirira theka la mphamvu yake limafa msanga, makamaka kumalo kotentha ngati kwathu. Anthu a pakhomo ankaona ngati kabokosiko n'kovuta, kakuwamana magetsi batire lisanathe, ndipo mphwanga wina anakalambalala n'kulumikiza mawaya molunjika ku batire. Panalinso mafoni a anansi. Kumudzi munthu sungakhale ndi moto m'nyumba n'kumakaniza mnzako kupala, ndipo amayi sakanatha kubweza mpongozi wawo kapena mayi a kumpingo amene abwera ndi foni m'manja. Masiku ena mafoni khumi ankakhala ndandanda pa mphasa. Amene anapanga batire lija sankadziwa za chibale chathu, ndipo ine amene ndimachidziwa sindinachiwerengere pogula.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukhulupirira mawu amene timakonda kunena akuti dziko lathu lili ndi dzuwa lambiri, ndiye sitiyenera kusowa magetsi. Dzuwa lilipodi, ndipo mapanelo atsika mtengo modabwitsa pa dziko lonse, moti pakati pa 2010 ndi 2020 mtengo wake unagwa ndi pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse, makamaka chifukwa cha mafakitale a ku China amene amapanga ochuluka mwa mapanelo onse a pa dziko lapansi. Panelo yabwino imatha kugwira ntchito zaka zoposa 20. Chovuta n'chakuti munthu amafuna kuwala dzuwa litalowa, ndipo chinthu chimene chimasunga mphamvu ya masana kuti igwire ntchito usiku ndicho chodula, chosachedwa kufa, ndiponso chogulidwa ndi ndalama zakunja.

Taonani mmene vuto lomweli limaonekera pa dziko lonse. Magetsi ambiri a m'Malawi amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira, kumene kampani ya EGENCO, yomwe inapatuka ku ESCOM mu 2017, imapukusa makina ake ndi madzi. Amene anali m'tauni m'chaka chimenecho akukumbukira mmene kuchepa kwa madzi m'nyanja ya Malawi kunatigonetsera mumdima, mpaka dziko linachita kubwereka majenereta a dizilo okwera mtengo. Choncho pamene munda wa sola wa mamegawati 60 unatsegulidwa ku Nanjoka m'boma la Salima mu Novembala 2021, womangidwa ndi kampani ya JCM Power ya ku Canada mogwirizana ndi InfraCo Africa, inali nkhani yosangalatsa ndithu. Patangotha miyezi iwiri, mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anagumula damu la ku Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130 m'mawaya, ndipo kukonza kwake kunatenga nthawi yoposa chaka. M'miyezi yovuta imeneyo magetsi a ku Salima, ndipo pambuyo pake a ku Golomoti, anathandiza kwambiri masana. Koma nthawi imene dziko limafuna magetsi ochuluka zedi ndi madzulo, anthu ataweruka, mababu, mawailesi akanema ndi makuka zitayatsidwa pakamodzi, ndipo pa ola limenelo mapanelo onse a ku Salima, a ku Golomoti ndi a mamegawati 21 a ku Nkhotakota amakhala atagona.

Palinso vuto la mitambo limene anthu wamba sitiliganizira. M'mawaya a magetsi, mphamvu yolowa ndi yotuluka ziyenera kufanana mphindi iliyonse, apo ayi makina amadzizimitsa okha podziteteza. M'dziko la magetsi ochuluka ngati South Africa, mtambo ukaphimba munda wa mamegawati 60 sizimveka n'komwe. Kwa ife, amene magetsi athu onse ndi mamegawati mazana ochepa chabe, mtambo umodzi wodutsa pa Salima ukhoza kuchotsa mwadzidzidzi gawo looneka la magetsi a dziko lonse, ndipo makina a pa Shire amayenera kuthamangira kutseka mpatawo. N'chifukwa chake ku Golomoti anaikako mabatire akuluakulu otha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri, ndipo n'chifukwa chakenso ESCOM inayamba kumanga mabatire a mamegawati 20 ku Kanengo mu mzinda wa Lilongwe. Ena amanena kuti madzi ndiwo batire lathu lalikulu, kuti masana tizigwiritsa ntchito dzuwa n'kusunga madzi kuti adzapukuse makina madzulo. Maganizowo ndi olondola, koma maiwe osungira madzi ku Nkula ndi ku Tedzani ndi aang'ono, ndipo matope ochokera m'mapiri amene tinawameta mitengo amawadzaza chaka ndi chaka, osanenanso za namasupuni. Damu lalikulu limene likukonzedwa kuti limangidwe ku Mpatamanga, komanso mawaya olumikiza Phombeya m'boma la Balaka ndi Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndi zinthu zimene zingatsegulire njira minda ina ya sola, ngakhale kuti pazokha si za dzuwa. Popanda zoterezi, kuwonjezera mapanelo kuli ngati kumanga nyumba zambiri zogona popanda nkhokwe.

Ndinapita kukagula batire lachiwiri ndi panelo yatsopano kumapeto kwa 2023, ndipo ndinasankha nthawi yoipa. Mu Novembala chaka chimenecho ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi magawo 44 pa 100, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kumabanki, pomwe mu Meyi 2022 inali itachepetsedwanso ndi magawo 25. Mitengo imene ndinafunsa sabata imodzi sinalinso yomweyo sabata yotsatira, ndipo sitolo zina zinachita kubisa katundu podikira kuti ziyambe zaona kumene mphepo ikulowera. Sindinawaimbe mlandu kwenikweni. Panelo, batire, inveta (kachipangizo kosintha moto wa m'batire kuti ukhale ngati wa ESCOM), ngakhale timawaya timene, zonse zimachokera kunja, zimatsikira pa doko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, n'kuyenda mtunda wautali pa malole odya dizilo wogulidwanso ndi dola. Boma linachita bwino kuchotsa misonkho ina pa zipangizo za sola, koma kuchotsa msonkho sikuthandiza wamalonda amene wakhala miyezi akudikira kubanki kuti amugulitse dola zoti alipire katundu.

Makampani aakulu nawonso amalumidwa pomwepo. Munda wa sola umadya ndalama zake pafupifupi zonse pachiyambi, pogula zipangizo ndi kumanga, ndipo ndalamazo zimakhala ngongole ya madola yobwezedwa pa zaka zambiri. Wogula magetsiwo ndi mmodzi yekha, ESCOM, amene amatolera makwacha kwa inu ndi ine pa mitengo yovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira za magetsi ndi mafuta la MERA. Mtengo wa magetsi ukakwera anthu timalira, ndipo kulira kwathu n'komveka. Ukapanda kukwera pamene kwacha yagwa, wogula uja amavutika kulipira amene akumugulitsa magetsi. Ngakhale atalipira pa nthawi yake, makwachawo ayenera kusandulika madola kuti ngongole ibwezedwe, ndipo madolawo ndi omwe aja amene akulimbiranidwa ndi ogula mafuta, feteleza ndi mankhwala. Wobwereketsa ndalama akaona zonsezi amakweza chiwongoladzanja, ndipo mapeto ake dzuwa lomwelo limatulutsa magetsi odula kuno kusiyana ndi m'mayiko olemera amene dzuwa lawo ndi lochepa. Izi ndi zina mwa zifukwa zimene mapangano ambiri omanga minda ya sola amasainidwa pamaso pa atolankhani koma pamalopo n'kumangomera thengo. Pamakhalanso nkhani ya malo, pakuti munda wa mamegawati makumi angapo umafuna mahekitala ochuluka a malo athyathyathya oyandikira mawaya aakulu, ndipo malo otero sakhala opanda eni. Amakhala minda ya anthu, madambo odyetsera ziweto, mwinanso manda.

Njira imene yafikitsa kuwala m'nyumba zambiri za kumudzi m'zaka zapitazi ndi yolipira pang'onopang'ono. Makampani monga Yellow, Zuwa Energy ndi VITALITE amapereka kachipangizo kokhala ndi panelo, batire, mababu ndi potchajira foni, munthu n'kumalipira kudzera pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, ndipo akasiya kulipira kachipangizoko kamadzitseka kokha. Boma, ndi ndalama za Banki Yaikulu ya Dziko Lonse, linakhazikitsa thumba lotchedwa Ngwee Ngwee Ngwee lothandiza makampani otere kuti afikire anthu ambiri. Ubwino wa njirayi ndimauona ndi maso: katundu wake amakhala woyezedwa, batire limakhala lotsekeredwa m'kati moti mphwanga sangalilambalale, ndipo kampani ili ndi chifukwa chofunira kuti chipangizocho chisafe, popeza chikafa ndalama sizibwera. Koma kalendala ya malipiro ndi ya munthu wolandira pamwezi, pamene mlimi amagwira ndalama akagulitsa mtedza, soya kapena fodya, kenako n'kuyenda wopanda kanthu m'thumba kuyambira Disembala mpaka Malichi. M'miyezi imeneyo, mayi amene wapeza ndalama ya ganyu sangasankhe babu m'malo mwa ufa. Kampani nayo inagula katunduyo ndi dola lero, ikutolera makwacha kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo kwacha ikagwa pakatikati phindu lonse limasungunuka.

Ndiyenera kunenanso poyera kuti timababu tinayi si chitukuko chonse. Kachipangizo ka pakhomo sikaphika nsima, choncho makala ndi nkhuni zikupitirirabe kumaliza nkhalango. Sikayendetsa chigayo, sikawotcherera zitsulo. Zimenezi zimatheka ndi timinda ta sola ta pamudzi tokhala ndi mawaya akeake, monga ka makilowati 80 ka ku Sitolo m'boma la Mchinji ndi kakang'ono ka ku Mthembanji m'boma lathu lomwe la Dedza. Timinda totere timayenda bwino pakakhala anthu ogula magetsi masana, a chigayo, a mafiliji, a mapampu othirira m'dimba, chifukwa moto wogwiritsidwa ntchito dzuwa likuwala sufuna batire. Mudzi wongofuna kuunikira usiku wokha ndiwo wodula kwambiri kuutumikira, ndipo anthu ake akamva kuti mnzawo wa m'tauni amalipira ndalama yochepa pa yuniti amaona ngati akuberedwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi mapanelo a mphatso. Yendani m'masukulu, m'zipatala zing'onozing'ono ndi pa mijigo ya m'midzi, mudzaona mapanelo ali phee padenga, chikwangwani cholembedwa dzina la wopereka chikadali chowala, koma m'kati muli mdima. Tsiku lotsegulira kunali magule, zokamba ndi zithunzi. Palibe amene anaimirira n'kunena kuti pakatha zaka zitatu mabatire adzafunika ena, ndiponso kuti ndalama yake idzachokera kwakutikwakuti. Opereka thandizo amakonda kugula zatsopano chifukwa zimawerengeka mosavuta m'malipoti awo, ndipo ndi ochepa amene amafuna kulipirira batire lachiwiri la ntchito imene anayambitsa ena. Akuba nawonso amathandizira, pakuti panelo imamasulidwa ndi sipanala imodzi usiku umodzi, ndipo msika wake sumasowa. Ndikanakhala ndi mphamvu, ndikanalamula kuti tiziwerenga zipangizo zimene zikuyakabe patatha zaka zitatu, osati zimene zagawidwa. Ndikukhulupirira kuti chiwerengero chimenecho chingatichititse manyazi, koma chingatiphunzitse zambiri.

Amisiri alipo. Yunivesite ya Mzuzu yakhala ikuphunzitsa za mphamvu zongowonjezereka kwa zaka zambiri, sukulu za ntchito zamanja zoyang'aniridwa ndi TEVETA zimatulutsa achinyamata odziwa kulumikiza sola, ndipo malamulo amafuna kuti wochita ntchitoyi akhale ndi chilolezo cha MERA. Vuto n'lakuti ambiri amakhala m'mizinda, kumene kuli anthu ogula mainveta aakulu othawira kuthimathima kwa magetsi, ndipo palibe mmisiri amene angayende makilomita 100 kukamanga waya umodzi wothothoka. Kumudzi kumatsala anyamata ophunzira poonerera, ndipo pamsika pamatsala katundu wolembedwa manambala abodza amene bungwe loona za miyezo la MBS silingathe kumugwira yense, poti wina amalowa m'njira zachidule za m'malire. Banja limodzi likapsa ndi katundu wotere, mudzi wonse umagamula kuti sola ndi yabodza, ndipo wogulitsa woona mtima amene adzabwere pambuyo pake amapeza makomo otseka.

Mmisiri uja anatembenuza panelo yatsopano kuti iyang'ane kumpoto, analumikizanso kabokosi kaja, ndipo anakhala pansi ndi onse a pakhomo n'kuwafotokozera kuti kakadula moto ndiye kuti kakupulumutsa batire. Anagwirizana kuti mafoni azitchajidwa masana okha, dzuwa likuwala, ndipo mdzukulu mmodzi anapatsidwa udindo wopukuta galasi Loweruka lililonse m'mawa. Batire lakale lija linagulidwa ndi bambo wina woyenda pa njinga wogula zitsulo zakutha, amene anakhuthulira asidi wake pansi kuseri kwa khola tikuona, kuti katundu amupepukire. Mtovu umene uli m'mabatire otere ndi poizoni woononga ubongo wa ana, ndipo mabatire akufa akuchuluka m'midzi mofanana ndi mmene mapanelo akuchulukira pa madenga. Ndinaima pomwepo osanena kanthu, chifukwa ndinali nditalandira kale ndalama yake.

Amayi anayamba okha chinthu chimene ine sindinachiganizire. Anagula kope la ana asukulu, ndipo aliyense wobwera kudzatchajitsa foni amasiya kandalama kochepa, kupatula okalamba ndi amene ali ndi matenda pakhomo. Poyamba anansi ena ananyinyirika kuti dzuwa lakhala logulitsa liti, koma amayi anawaonetsa malo amene panali batire lakufa lija n'kuwafunsa ngati akufuna kubwerera kumsika. Ndalamazo amazisunga ku banki mkhonde. Ndikawaimbira foni, tikatha kufunsana za moyo ndi za mvula, amandifunsa kuti batire ngati lawolo lafika pa ndalama zingati m'tauni mwezi uno, ndipo ndimamva akutembenuza masamba a kope lija.